Kuona maso a nkhono n'kudekha

Akuluakulu ponena mwambi umenewu ankatanthauza kuti zobisika zimaonekera munthu wofatsa. Woweta akalulu ku Ntcheu ayenera kuusunga pamtima, chifukwa kalulu ndi nyama yosakidwa ndipo anazolowera kubisa ululu. Matumbo ake akayamba kuima salira.

Chizindikiro choyamba chili pansi pa khola. Zitosi zimachepa, zimakhala zing'onozing'ono ndi zouma, kenako zimasowa. Kalulu amasiya chakudya, amadzipinda pakona, nthawi zina n'kumakukuta mano. Akatha maola 12 osadya, moyo wake uli pachiswe.

Vuto nthawi zambiri limachokera m'manja mwathu. Mu Okutobala, udzu utapsa ndipo kuchigwa cha Bwanje kukutentha, n'kosavuta kungomuthirira madeya. Koma matumbo a kalulu amayendetsedwa ndi udzu, ndipo udzu womwewo ndi umene umaperesa mano ake, omwe amakula moyo wake wonse. Ludzu, mantha ndi kusintha chakudya mwadzidzidzi zimawonjezera. Masangwi a mtedza osungidwa pouma, nsenjere, chisoso ndi kholowa zingamupulumutse, koma masamba a mbatata ya kachewere, yochuluka ku Tsangano, ndi poizoni kwa iye.

Wodwalayo mupatseni madzi ndi masamba aawisi, mumulole ayendeyende. Mimba ikauma ngati ng'oma musamukakamize kudya, popeza kalulu sasanza. Thamangirani kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Ndikupemphaninso, musamumwetse amoxicillin wotsala m'nyumba. Mankhwalawa amapha tizilombo tothandiza kugaya chakudya, ndipo kalulu amatha kufa nawo.