Madayisi a Baseball ndi Dzanja la Woyendetsa Mpikisano

Ku America kuli anthu amene amasewera baseball osagwira ndodo kapena mpira, osapondanso pabwalo. Zida zawo ndi makhadi, madayisi onga a ludo, ndi pepala lolembapo zotsatira. Khadi lililonse limaimira wosewera weniweni, ndipo manambala ake amachokera pa zomwe munthuyo anachitadi m'chaka chinachake. Masewera otere otchuka kwambiri ndi awiri: APBA, omwe Dick Seitz anayamba kugulitsa ku Lancaster, Pennsylvania, mu 1951, ndi Strat-O-Matic, omwe Hal Richman anatulutsa ku New York mu 1961. Amene alowerera m'masewerawa amakonza mpikisano wathunthu wa matimu 8, 16 kapena 32, otengedwa m'zaka zosiyanasiyana, moti New York Yankees ya 1927, momwe munali Babe Ruth, ikhoza kukumana ndi timu ya anyamata obadwa Ruth atamwalira kale. Ena amaitana anzawo kuti aliyense atenge timu yake. Enanso ambiri amayendetsa mpikisanowo okha kwa miyezi ingapo, akuponyera madayisi mbali zonse ziwiri.

Kuti funso lomwe likubwera limveke, tidziwe kaye mmene madayisiwo amagwirira ntchito. Mu Strat-O-Matic amaponya madayisi atatu. Loyamba likagwa pa 1, 2 kapena 3, zotsatira zimawerengedwa pa khadi la womenya mpira. Likagwa pa 4, 5 kapena 6, amayang'ana khadi la woponya. Awiri enawo amawaphatikiza n'kupeza mzere wapakati pa 2 ndi 12. Madayisi awiri ali ndi magwedwe 36, ndipo asanu ndi limodzi mwa magwedwewo amapereka 7, pomwe 12 amabwera mwa njira imodzi yokha. Wokonza khadi amaika zabwino za katswiri pa mizere yobwera kawirikawiri, za wofooka n'kuziika pa mizere yosowa. Mu APBA madayisi ndi awiri osiyana maonekedwe, ndipo amawerengedwa ngati nambala kuyambira 11 mpaka 66. Njira zonse ziwiri zimapatsa katswiri mwayi waukulu koma sizimulonjeza kanthu, monga zilili pabwalo penipeni. Ted Williams, m'chaka chake chopambana cha 1941, anamenya bwino maulendo 185 pa 456. Ndiye kuti pa maulendo khumi alionse ankabwerera manja lende kasanu ndi kamodzi, pamenepo ali womenya woposa onse a chaka chimenecho.

Tsono taganizirani woyendetsa mpikisano amene ali yekha patebulo. Timu yomwe amaikonda yatsala pang'ono kutuluka, waponya madayisi, ndipo agwa moipa. Palibe wamuona. Makhadi ndi ake, malamulo analemba yekha, osewerawo ndi mapepala osamva kuwawa. Chimamuletsa n'chiyani kutola madayisiwo n'kuponyanso? Ine ndikuti ayenera kulemba zomwe zagwazo, ndipo kutero n'koyenera ngakhale kwa munthu wokhulupirira kuti Mulungu ndiye amalamulira zonse. Chifukwa chake sichili m'madayisimo, ngati kuti ndi oyera kapena ali ndi mawu. Chili m'pangano lomwe munthuyo anapangana ndi mtima wake asanadziwe amene adzapindule nalo. Mpikisano wonse waima pa pangano limeneli, ndipo n'chinthu chokhacho m'masewerawa chomwe chingathyoke zenizeni.

Otsutsa oyamba ndi akale ndithu, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Iwo amati munthu woopa Mulungu asakhudze n'komwe madayisi posewera, chifukwa maere ndi chinthu chopatulika. Baibulo lili nawo maere ambiri. Yoswa anagawa dziko ndi maere ku Silo, amalinyero anapeza Yona ndi maere, atumwi anasankha Matiya kulowa m'malo mwa Yudasi ndi maere, ndipo Miyambo 16:33 imaphunzitsa kuti ngakhale woponya ali munthu, chigamulo chake n'cha Yehova. Mbusa wina wa ku England, James Balmford, anatenga mfundoyi mu 1593 n'kunena kuti kusewera makhadi kapena madayisi n'kuitana Mulungu kuti aweruze nkhani zachibwana, komwe n'kutchula dzina lake pachabe. Amene anamuyankha mwakuya ndi Thomas Gataker, m'buku lake la 1619 lofotokoza chikhalidwe cha maere ndi kagwiritsidwe kake, munthu yemwe pambuyo pake anakhala nawo pamsonkhano wa akuluakulu a mpingo ku Westminster. Gataker sanakane kuti Mulungu amalamulira kugwa kwa dayisi. Anakana zoti Mulungu amalamulira dayisi mwapadera kuposa mmene amalamulira mphepo, mvula kapena kugwa kwa tsamba. Chisamaliro cha Mulungu chimakuta zonse, koma si chochitika chilichonse chomwe ndi uthenga.

Ndikuona kuti Gataker analondola, ndipo tebulo la baseball limaonetsa bwino chifukwa chake. Mutaseweretsa Yankees ya 1927, yomwe inapambana masewero 110 n'kuluza 44, ndi New York Mets ya 1962, yomwe inapambana 40 n'kuluza 120, tsiku lina Mets idzapambana. Mukabwereza mawa, mwina Yankees idzabwezera. Madayisi akanakhala pakamwa pa Mulungu, tikanati wasintha maganizo pa funso limodzi lomwelo usiku umodzi wokha. Koma mukaseweretsa matimu awiriwa kambirimbiri, mudzaona kuti Yankees ikupambana kochuluka, mogwirizana ndi makhadi. Izi ndi zomwe Jacob Bernoulli anatsimikizira ndi masamu m'buku lake losindikizidwa mu 1713: kuponya kumodzi sikudziwika, koma kuponya kochuluka kumatsata mlingo wokhazikika. Wokhulupirira akhoza kuona dzanja la Mlengi m'dongosolo limeneli popanda kuganiza kuti 66 aliyense ndi kalata yochokera kumwamba. Apa m'pamene masewerawa amasiyana ndi kuombeza ula. Wopita ku ula ali ndi funso la moyo wake, monga amene wamulodza kapena ngati ulendo udzamuyendera, ndipo amatenga kugwa kwa zinthu ngati yankho lochokera kosaoneka. Woyendetsa mpikisano safunsa madayisi chinsinsi chilichonse. Amawabwereka kuti amuchotsere m'manja mphamvu yosankha wopambana, basi. Thomas Aquinas anali atasiyanitsa kale maere ogawira zinthu ndi maere oombezera, ndipo ogawira sanawaone ngati tchimo mwa iwo okha.

Za juga sindikhalitsapo. Chimene chimawononga wotchova juga ndi kufuna chuma cha mnzake popanda thukuta, ndiponso ludzu lobweza zomwe waluza. Pa mpikisano wopanda ndalama zonsezi palibe, ndipo woyendetsa wanzeru salola kubetcherana kulowa pakhomo. Ndivomereze kuti si zipembedzo zonse zomwe zingakhutire ndi yankho limeneli. M'Chisilamu, kuwonjezera pa kuletsedwa kwa juga m'Qur'an, akatswiri ambiri a malamulo amaletsanso masewera a madayisi ngakhale popanda ndalama, potsata hadith yonena za masewera a nard. Msilamu womvera chiphunzitso chimenechi ali ndi chifukwa chake chosakhalira patebulopo, ndipo mfundo ya Gataker, yomwe inamangidwa pa Baibulo, simuyankha iye.

Otsutsa ena sabwera ndi malemba. Amati ngati madayisi alibe uthenga, ndiye kuti zotsatira zake zilibe tanthauzo, ndipo kuzilemekeza n'kupusa. Timu yofooka ikatenga chikho, sitinaphunzirepo kanthu za baseball. Bwanji osakonza kuti yoyenera ipambane? Yankho lili pabwalo lenileni. Mu 1906 Chicago Cubs inapambana masewero 116 n'kuluza 36 okha, koma pa World Series, masewero omaliza olimbirana chikho, inagonja kwa Chicago White Sox, timu yomwe inkadziwika ndi kumenya mofooka. Mu 2001 Seattle Mariners inapambananso 116, koma sinafike n'komwe ku World Series, inatulutsidwa ndi Yankees. Palibe anafufuta zotsatirazi ponena kuti oyenera sanapambane. Mlaliki 9:11 ananena kalekale kuti liwiro ndi mphamvu sizitsimikizira kupambana, poti nthawi ndi zogwa mwadzidzidzi zimafikira onse. Mpikisano wa patebulo womwe nthawi zonse umapatsa chikho timu yamphamvu unganame za dziko lomwe ukufuna kutsanzira. Ndipo bodza limeneli si laling'ono, chifukwa ndi lomwe lija la abwenzi a Yobu, loti wopambana aliyense anayenera kupambana ndipo wogwa aliyense analakwa penapake. Munthu amene walemba ndi dzanja lake kugonja kwa timu yabwino, akudziwa bwino kuti makhadi ake anali oposa a mnzake, amavutika kukhulupirira bodza limenelo akatuluka panja.

Izi sizikutanthauza kuti woyendetsa alibe chochita pa nkhani ya chilungamo. Ali nacho chachikulu, koma nthawi yake ndi mpikisano usanayambe. Akasankha kuti woluza kamodzi atuluke, watsegulira mwayi khomo lalikulu. Akasankha kuti matimu akumane mpaka imodzi ipambane kanayi pa masewero asanu ndi awiri, monga zimakhalira pa World Series, walichepetsa khomolo. Akayamba ndi ndime yoti timu iliyonse ikumane ndi zinzake zonse, luso limaonekera koposa. Ayeneranso kugamula kuti woponya mpira apume masewero angati asanaponyenso, kuti wina asagwiritse ntchito katswiri mmodzi tsiku ndi tsiku, zomwe thupi la munthu weniweni silikanalola. Zonsezi amazisankha asanadziwe amene zidzamukomere, ndipo kusadziwako ndi komwe kumaziyeretsa. Lamulo lomwelo likasinthidwa timu yokondedwa itatsala pang'ono kutuluka, limasanduka kukondera kovala malaya a chilungamo.

Amene analowa mozama m'nkhaniyi ndi wolemba mabuku Robert Coover, m'nthano yake ya 1968 yotchedwa The Universal Baseball Association, Inc., J. Henry Waugh, Prop. Henry Waugh ndi wowerengera ndalama wazaka 56 amene amayendetsa ligi ya matimu asanu ndi atatu patebulo la m'khitchini mwake, ndi madayisi atatu. Owerenga ambiri aona kuti zilembo za dzina lake zikulozera ku dzina la Yehova. Henry amakonda wosewera wongopeka wa m'ligi yakeyo, mnyamata woponya mpira wotchedwa Damon Rutherford, ngati mwana wake. Tsiku lina madayisi agwa pa 1-1-1 motsatizana mpaka kumufikitsa pa tchati cha zochitika zachilendo, ndipo malamulo omwe Henry analemba yekha akuti womenya wafa atagundidwa ndi mpira. Womenyayo ndi Damon. Henry amvera madayisi, Damon n'kufa, koma chisoni chimudya mpaka ntchito yake ndi ubwenzi wake ziyamba kusokonekera. Pomaliza atenga madayisi n'kuwaika ndi dzanja pa 6-6-6 kuti aphe Jock Casey, amene anaponya mpira uja. M'mutu womaliza Henry saonekanso. Patsala osewera a mibadwo yapatsogolo akuchita mwambo wokumbukira imfa ziwirizo, akukangana ngati kuli wina amene amawayang'anira.

Nthano imeneyi imabala kutsutsa kovuta kuposa konse, ndipo sindikufuna kukupeputsa. Wina anganene kuti mlengi womangidwa ndi malamulo ake, woonerera wokondedwa wake akufa chifukwa tchati chatero, si Mulungu wa Abrahamu. Mulungu wa m'Baibulo amalowererapo, amamva pemphero, amachita chifundo chomwe lamulo silinalembe. Ngati munthu analengedwa m'chifanizo chake, bwanji woyendetsa mpikisano asachitire chifundo timu yomwe yagwa m'tsoka? Poyankha, tiyang'ane amene chifundocho chikupita kwa iye. Makhadi samva kuwawa. Wopwetekedwa patebulopo ndi woyendetsa yekha, choncho akaponyanso madayisi akudzichitira yekha chifundo, ndipo amene walipira ndi timu inayo, yomwe mlandu wake ndi wakuti saikonda. Coover anaona bwino pamenepa: kulowererapo kwa Henry sikunadzutse Damon, kunangowonjezera maliro achiwiri. Ngati pali anzake pa mpikisanowo, nkhani imafika poipa, chifukwa kukomera mmodzi n'kubera wina amene anakhala pansi pokhulupirira kuti malamulo ndi amodzi kwa onse. Woyendetsa mpikisano amafanana ndi mlengi pa chinthu chimodzi chokha, choti palibe womuletsa. Nzeru zodziwa mathero a zinthu alibe, ndipo mtima wake uli ndi timu yomwe umaikonda. Munthu wotere akapatsidwa mphamvu zopanda womufunsa, malo ake oyenera ndi a woweruza amene Levitiko 19:15 imamuletsa kukondera wosauka ngakhale wolemera.

N'chifukwa chake oyendetsa odziwa ntchito yawo amalemba ngakhale malamulo ooneka achabechabe mpikisano usanayambe. Dayisi likagwera pansi, liwerengedwa kapena ayi? Likatsamira pa khadi osagona bwino, aponyenso limodzi lokhalo kapena onse atatu? Akazindikira mochedwa kuti anawerenga mzere wolakwika, abwerere m'mbuyo mpaka pati? Mafunso amenewa ali ndi mayankho angapo abwino, ndipo palibe limodzi loposa linzake. Choopsa n'kuwasiya osayankhidwa, chifukwa dayisi lotsamira limaoneka lagona bwino likakomera timu yako, ndipo limaoneka lotsamira kwambiri likaipweteka. Ena amaponyera m'kabokosi kapena m'kansanja koponyeramo madayisi kuti dzanja lisakhale ndi mbali pa kagwedwe kake, ndipo amalemba zotsatira papepala nthawi yomweyo asanatolenso madayisiwo.