Kodi Mawu Opanda Mwini Angakhale Umboni?

Wophunzira amene watsiriza digiri yake yoyamba, nafuna kukwera pamwamba m'maphunziro a kufalitsa nkhani, amapatsidwa lamulo limene makolo athu akadalidabwa: kuti pofunsa anthu, ayambe wawawerengera chikalata chopempha chilolezo, iwo asaine kapena adinde chala, ndipo polemba buku lake afafanize maina awo onse, kuti mayi wa ku Mulanje amene anafotokoza mmene mbiri ya anamapopa inayendera m'chaka cha 2017, kuchokera pa chigayo kufikira pa WhatsApp, asadzadziwike kwa mfumu, kwa wapolisi, kapena kwa mnansi wake.

Lamuloli ndi lachifundo, pakuti akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata; ndipo amene anakhala ndi moyo m'masiku a Kamuzu, pamene mawu olankhulidwa pamowa ankakagonetsa munthu kundende ya Mikuyu, sangalinyoze. Komatu pano pali mfundo yovuta kumasula. Pabwalo la milandu kwathu, munthu akati “akuti,” nkhoswe imamufunsa kuti akutiwo ndani, ndipo akasowa dzina, mawu ake amagwa pansi, popeza mawu opanda mwini ndiwo mphekesera. Kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika pa 8 Marichi 1992 inagwedeza dziko chifukwa eni ake anaikapo maina awo, ndipo mmodzi wa iwo, Monsinyo John Roche, anapirikitsidwa m'dziko muno. Nanga wofufuza mphekesera, amene abwera kumudzi natenga mawu okhala ndi mwini, nawasandutsa a “mayi wina wa zaka makumi anayi,” asiyana bwanji ndi chimene akufufuzacho?

Ine ndiyesa kuti asiyana pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti pochotsa dzina la mayiyo amaikapo lake. Wofalitsa mphekesera amabisala kumbuyo kwa khamu, koma wofufuza amaima yekha pamaso pa aphunzitsi omuyesa, nasenza mlandu wa liwu lililonse, kotero kuti lamulo la Mose loletsa umboni wonama limulemera kawiri: asanamize owerenga, amene alibe njira yokafunsira kwa mayiyo, ndiponso asanamizire mayiyo, amene buku lolembedwa m'Chingerezi ndi kusungidwa m'laibulale ya ku Zomba kapena ku Blantyre sadzaliona konse, ngakhale mawu ake atapotozedwa pomasulira kuti agwirizane ndi ganizo limene wophunzirayo anachoka nalo kale ku sukulu.