Msana Ukawawa Musathamangire Mphasa

Ana anga a kuno ku Vubwi, nyengo yokweza mizere ikafika ndimakuonani mukuweruka kumunda mutagwira m'chiuno, ena mukutsimphina pa zitunda zathuzi thumba la feteleza la makilogalamu 50 lili paphewa. Pofika pakhomo mumadziponya pamphasa masiku angapo, n'kumameza Brufen wogula pakantemba. Zimenezi zimandidetsa nkhawa.

Bungwe la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankadwala msana. Mwa ambiri palibe fupa lomwe lathyoka kapena kuguluka, ndipo ululu umazilala m'masabata owerengeka munthu akapanda kusiya kuyenda. Kugona kwa masiku ambiri kumafooketsa minofu, msana n'kuumiratu. Mu 2023 bungwe lomweli linatulutsa malangizo okhudza msana womwe wawawa kupitirira miyezi 3. Linavomereza mafizo, koma linakana malamba omanga m'chiuno ndi makina okoka msana. Choncho pumulani pang'ono, kenako dzukani. Yendani, sesani pabwalo, bwererani ku khasu pang'onopang'ono.

Za bondo nazonso ndilankhulepo, poti ambiri mukusamala agogo amene asiya kupita kutchalitchi chifukwa cha maondo. Chimene chimagwiriziza bondo ndi minofu ya pantchafu. Akhazikeni pampando, awongole mwendo, awerenge mpaka 5, autsitse mosathamanga, abwereze kakhumi. Akatero aimirire ndi kukhalanso osagwira pena paliponse. Kuwawa pang'ono kusawaopse, koma bondo likadzuka lotupa m'mawa mwake achepetseko. Phindu lake limaoneka pakapita masabata angapo, ndiye musawaleke atayesa kawiri kokha. Musawateme mphini, chifukwa sizifika m'kati mwa mfundo, ndipo lumo lobwerekana limafalitsa matenda. Brufen ndi diclofenac, zikamwedwa tsiku ndi tsiku, zimatha kuyambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso.

Inu anyamata, thupi lomwe lakhala chilimwe chonse pa bawo musalilimitse kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka tsiku loyamba lomwe. Muziwongoka pakati pa mizere. Thumba lolemera nyamulani awiri, si manyazi.

Koma pali msana wina wosafunika kuuyembekezera. Ululu ukadza ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, ikhoza kukhala TB ya m'mafupa a msana, yomwe imapundula munthu koma imachizika. Miyendo ikamafooka, pakati pa ntchafu pakachita dzanzi, mkodzo kapena chimbudzi zikamatuluka zokha kapena mkodzo ukatsekeka, kapenanso bondo likatupa mwadzidzidzi, likutentha, munthu osatha kuponda, musadikire kuti kuche. Pitani ku kiliniki yapafupi tsiku lomwelo, ndipo akakulemberani kalata yopita ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, gulitsani nkhuku mupeze yokwerera, mupite.