Nyumba Yokwera Galimoto

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kunka ku Kasungu, akafika pa Mponela kapena pa Madisi, aona mabokosi aakulu a chitsulo ali khale m'mbali mwa msewu. Ena asanduka masitolo, ena mosungiramo feteleza ndi mbewu, ena maofesi. Dzina lake anthu amati makontena. Tsono alipo ena amene ayamba kulingalira kuti, popeza bokosi lotere lisunga bwino katundu, likhoza kusunganso anthu. Aboola zenera, aikamo bedi, nati, "Nayi nyumba." Koma nyumba imeneyi idabwera pa galimoto, ndipo ikhoza kuchokanso pa galimoto. Kodi nyumba yotere ili ya yani, ndipo iyenera kulereramo ana?

Kumene bokosili lichokera

Mabokosi amenewa sadapangidwe kuti anthu azigonamo ayi. M'chaka cha 1956, munthu wina wa ku America, dzina lake Malcom McLean, adakweza mabokosi 58 m'sitima ya pamadzi yotchedwa Ideal X, imene idachoka ku Newark kunka ku Houston. Nzeru yake inali yakuti katundu alongedwe kamodzi kokha, ndipo bokosi lonse lizichoka m'sitima kukwera galimoto popanda kumasula. Lero ambiri a mabokosiwa ndi a misinkhu iwiri: ena atalika mamita 6, ena mamita 12, ndipo m'mimba mwake ndi pafupifupi mamita awiri ndi theka. Lalifupilo, lopanda kanthu m'kati, lilemera koposa matani awiri.

Popeza dziko la Malawi lili kutali ndi nyanja ya mchere, mabokosiwa amadzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Fodya wa ku Dowa, akagulidwa ku Kanengo, amatuluka m'dziko muno ali m'mabokosi omwewo. Bokosi likakalamba pa nchito ya maulendo, eni ake amaligulitsa, ndipo ndi pamenepo lifika m'manja mwa anthu wamba.

Zokoma zake ndi zowawa zake

Sikoyenera kunyoza chinthu chifukwa nchachilendo, pakuti akulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chiswe sichidya chitsulo. Mbala siiboola khoma lake usiku monga ichitira ndi khoma la dothi. Koposa zonse, bokosili silifuna uvuni wa njerwa. Aliyense wokhala m'mapiri a Dowa adziwa kuti uvuni umodzi umeza mitengo yambiri, ndipo mapiri amene kale anali bii ndi mitengo lero ali mbee. Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi yatsala ngati chilumba pakati pa minda. Nchifukwa chake m'chaka cha 2018 Boma lidaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nchito zomanga za Boma ndi za makampani.

Komabe walira mvula walira matope. M'mwezi wa October chitsulo chitentha ngati chiwaya, ndipo m'mwezi wa June, pamene mphepo ya m'mapiri iluma, chizizira ngati mwala wa kudambo. Anthu akagonamo atatseka, mpweya wao usanduka madzi pa tsindwi nudontha pa zofunda, ndipo dzimbiri liyamba. Matabwa a pansi pake nthawi zambiri amapakidwa mankhwala ophera tizilombo, kotero kuti sibwino mwana wokwawa azisewerapo asanaphimbidwe. Zonsezi munthu wanzeru akhoza kuzikonza. Koma pali chinthu china chimene mmisiri wootcherera zitsulo sangachikonze.

Mmene makolo ankamangira

Kale munthu sankamanga nyumba yekha. Amuna ankadula nsichi ndi mapaso, nafula luzi. Akazi ankamweta udzu, kutunga madzi ndi kuzira pansi. Denga la nyumba yozungulira, monganso la nkhokwe, ankalimangira pansi, ndipo likatha anthu ambiri ankalisenza pamodzi nalikweza. Apo mpamene padachokera mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga. Kotero nyumba ikatha, mudzi wonse unali mboni. Aliyense ankadziwa amene adaimanga, ndiponso amene adammangira.

Pa mwambo wa chikamwini, mnyamata akakwatira amanka kwao kwa mkazi, ndipo nchito yake yoyamba ndiyo kumanga nyumba. Nyumbayo inali lonjezo losalembedwa. Ndi manja ake mkamwini ankanena kuti, "Ndadza kudzakhala." Ukwati ukatha, iye ankatenga khasu, nkhwangwa ndi chofunda chake nabwerera kwao, koma nyumba inkatsala ndi mkazi ndi ana. Sikuti amuna onse akale anali oolowa manja ayi. Dothi lenilenilo ndilo linkakana kunyamulidwa. Ngakhale mwamuna waukali chotani sakadasenza khoma.

Bokosi la chitsulo lasintha zimenezi. Aligula ndi munthu mmodzi, ndi ndalama zake, kwa wogulitsa wa kutali. Palibe mnansi adathirapo thukuta, kotero palibe mnansi angayankhulepo. Tsiku limene mwamuna wakwiya, akhoza kuitana galimoto ndi makina onyamulira, ndipo dzuwa lisanalowe pa malopo patsala miyala inayi ndi ana ali panja.

Mau a otsutsa

Wina adzati, "Kodi munthu alibe ufulu pa chinthu chimene adagula ndi thukuta lake?" Inde ali nao. Wamalonda amene wabwereka malo pa msika achita bwino kuika bokosi, pakuti malowo si ake, ndipo tsiku lina adzauzidwa kuti asamuke. Chimodzimodzi bokosi losungiramo chimanga, fodya kapena zipangizo kuseri kwa nyumba lilibe mlandu. Katundu akasamutsidwa salira.

Winanso adzati, "Nanga mkazi wa chitengwa, amene adatengedwa kukakhala kwao kwa mwamuna? Mwamuna akamwalira, abale ake nthawi zina amampirikitsa, nasiya nyumba imene adaivutikira. Ikadakhala yonyamulika, bwenzi atapita nayo kwao." Mau amenewa ndi olemera ndithu. Koma tsono galimoto yonyamula bokosi imvera munthu wa ndalama, ndipo mkazi wamasiye kawirikawiri sakhala nazo. Amene afika msanga ndi galimoto ndi yemwe uja wolanda. Zoona, m'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye, limene liteteza mkazi ndi ana, niliyesa kulanda chumacho mlandu. Koma nyumba ya njerwa idikira woweruza pamalo pomwepo, pamene bokosi likhoza kukhala litagulitsidwa kale ku boma lina mlandu usanalowe m'bwalo.

Choyenera kuchita

Mlandu suli pa chitsulo. Uli pa lonjezo limene kale dothi linkasunga lokha, ndipo tsopano liyenera kusungidwa ndi anthu. Munthu wofuna kuika banja lake m'bokosi lotere ayambe walimeretsa mizu. Alikhazike pa nsanamira za miyala ndi simenti kuti chinyezi chisalidye. Alimangire denga lina pamwamba, la udzu kapena la malata, losiya mpata wopita mphepo, ndipo denga limenelo litulukire kunja likhale khonde. Aboole mazenera mbali ziwiri. Abzale mitengo ya mthunzi kuzambwe kwake. Pa nchito zonsezi aitane anansi, awaphikire nsima, kuti adye ndi kuona.

Ndipo chachikulu ndi ichi: bokosi lisanatsike pa galimoto, ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhale pansi pamodzi ndi nyakwawa, anene poyera kuti nyumba iyi ndi ya mkazi uyu ndi ana ake, zivute zitani. Mauwo alembedwe pa pepala, mboni zisaine, ndipo mbali iliyonse isunge pepala lake. Apa mpamene munthu wophunzira kuwerenga atakula aonera phindu la sukulu yake, pakuti mkazi wodziwa kuwerenga sangadinde chala pa mau amene sadawamve.

Mwamuna wokana kuchita zimenezi adzifunse chifukwa chake. Ngati mtima wake uti, "Ndisunge njira yothawira," ndiye kuti sadamange nyumba. Waimika katundu wake pa bwalo la eni kwa kanthawi. Ana sayenera kukula akutchera khutu kulira kwa galimoto. Wogula bokosi aligule, pakuti lipulumutsa mitengo ya m'phiri. Koma tsiku loligoneka pansi likhalenso tsiku lotaya ufulu wolinyamula yekha.