Pachifuwa pa mwana wathu palembedwa dzina la yani?

Euthini ndi malo a malonda m'boma la Mzimba, m'dera la Inkosi Chindi, kutali ndi mabwalo akuluakulu a mpira a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Komabe Loweruka madzulo anyamata a kumeneko amadzaza m'tinyumba toonetsera kanema kudzaonera mpira wa ku England. Ambiri amavala majezi a pakaunjika. Mwana amene sadakwerepo ndege amadziwa dzina la Emirates chifukwa lili pachifuwa pa osewera a Arsenal, ndipo amatchula mayina a makampani obetchera asanadziwe kulemba kalata. Zomwezi zikuchitika ku Makanjira, ku Chipoka ndi ku Nkhotakota. Ku Mzimba amayankhula Chitumbuka, ambiri a ife kunyanja kuno Chiyao ndi Chichewa, koma maboma a Mzimba ndi Mangochi amafanana pa chinthu chimodzi: ana awo ambiri ali ku Joni, ndipo ndalama zimene amatumiza kumudzi zili ndi anthu ambiri ozidikira. Ena mwa odikirawo amafika kudzera mu mpira.

Funso lathu ndi ili: kodi kampani ikalipira kuti dzina lake lilembedwe pa jezi, imakhala ikugula chiyani, ndipo Msilamu ayenera kuliona bwanji dzinalo?

Tiyambe ndi kunena chilungamo. Chisilamu sichidana ndi masewero. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adachitapo mpikisano wothamanga ndi mayi Aisha, ndipo adagwetsanapo ndi Rukana, katswiri wa zogwetsana. Sichidananso ndi malonda, pakuti Mtumikiyo adali wamalonda wokhulupirika amene ankayendetsa katundu wa mayi Khadija mpaka ku Sham. Mpira nawo sungayende popanda ndalama. Timu yochokera kumpoto kukasewera ku Blantyre imafuna mafuta, malo ogona ndi chakudya, ndipo wosewera ali ndi banja loti alidyetse. Kampani ya TNM idayamba kuthandiza ligi yaikulu ya dziko lino mu 2007, Airtel idayambitsa chikho cha Top 8 mu 2017, ndipo banki ya FDH nayo idayambitsa chikho chake. Popanda thandizo lotere, luso la ana ambiri a kumudzi likadathera pabwalo la sukulu.

Koma mbiri ya matimu athu ikutiphunzitsa kanthu. Timu ya Bullets idatchedwapo Bata Bullets, kenako Total Big Bullets. Idatchedwanso Bakili Bullets pamene idafika m'magulu a mpikisano wa akatswiri a mu Africa mu 2004, ndipo pambuyo pake idatenga dzina la Nyasa, kampani yopanga ndudu, kenako ndi la banki ya FCB. Wanderers nayo idayenda ndi mayina a Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Nsapato, mafuta a galimoto, ndale, fodya, lamya, magalimoto, ndalama zotumizidwa kuchokera kunja: zonsezi zadutsa pachifuwa chimodzi. Chimene sichidasinthe ndi chikondi cha ochemerera. Bambo amachisiyira mwana wake monga amamusiyira munda kapena bwato.

Chikondi chimenechi ndiye katundu amene akugulidwa. Kampani sikufuna nsalu ya jezi. Ikufuna kuti chimwemwe chimene mtima umamva chigoli chikalowa chigwere pa dzina lake. Wotsatsa malonda pawailesi timamumvera mokayikira, chifukwa tikudziwa kuti akufuna ndalama zathu. Koma dzina likakhala pachifuwa pa wosewera amene timamukonda, limalowa m'nyumba ngati mlendo wobwera ndi mbale wathu, ndipo palibe amalifunsa kumene lachokera.

Apa ndi pamene pali kusiyana kofunika. Wogulitsa nsapato amapindula wogula akalandira nsapato, ndipo onse awiri amachoka ali ndi kanthu m'manja. Awa ndi malonda amene Allah adawaloleza. Koma kampani yobetchera imapindula pokhapokha obetcha akaluza. Ndalama zimene imapereka ku timu, ngakhalenso zimene imapatsa wopambana amene chithunzi chake chimafalitsidwa ali ndi chikalata chachikulu cha ndalama, zimachokera m'matumba a anthu ambirimbiri amene sajambulidwa. Taganizirani za mnyamata amene walosera masewero khumi pa tikiti imodzi. Ngakhale titanena kuti pa sewero lililonse mwayi wake wolondola ndi theka, mwayi wolondola onse khumi ndi umodzi pa 1,024. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Maidah ndime 90 ndi 91, imatchula mowa ndi njuga pamodzi, ndipo imaonetsa zipatso zake: udani pakati pa anthu ndi kuiwala kukumbukira Allah ndi swala. N'zochititsa chidwi kuti zinthu ziwiri zomwezi ndi zimene zimakonda kwambiri kuyenda ndi mpira. Kuno kwathu tidakhalapo ndi zikho za Chibuku ndi Carlsberg, ndipo mu 2023 kudabwera cha Castel. Makampani obetchera nawo alowa m'mayina a matimu, monga zidachitikira ndi Dedza Dynamos pamene idatchedwa ndi dzina la Premier Bet. Kale wotchova njuga ankabisala kuseri kwa msika, ndipo ankachita manyazi akakumana ndi shehe. Lero njuga ili m'foni, imalipiridwa ndi ndalama za m'foni momwemo, ndipo yasintha dzina: akuti kubetcha, akuti kudziwa mpira. Lamulo limaletsa osakwana zaka 18 kubetcha, koma sililetsa maso awo kuona. Kuopsa kwa kutsatsa malonda kotere si kwakuti kumatsutsa chiphunzitso cha ku madrasa. Sikutsutsa kanthu. Kumangochititsa kuti choletsedwa chizioneka ngati chinthu cha masiku onse, mpaka mtima usiye kudzidzimuka nacho.

Wina anganene kuti, "Ine ndimangoonera mpira, dzina la pa jezi silindikhudza." Akadakhala kuti akunena zoona, makampani sakadataya chuma chawo pa chinthu chosakhudza munthu. Ngakhale ku England komwe adavomereza kuti pali vuto: mu April 2023 matimu a Premier League adagwirizana kuchotsa mayina a makampani a njuga kutsogolo kwa majezi pakutha pa nyengo ya 2025/26. Ngati eni mpirawo aona kuti ana awo afunika kutetezedwa, nanga ana athu, amene akubetcha ndalama ya feteleza ku Euthini kapena ya ukonde ku Malindi?

Osewera ena achisilamu adaliona msanga funso limeneli. Mu 2006 Frédéric Kanouté wa ku Mali, akusewera ku Sevilla, adamata dzina la kampani ya njuga ya 888.com pa jezi yake. Mu 2013 Papiss Cissé wa ku Senegal adakana kuvala jezi ya Newcastle yolembedwa Wonga, kampani yobwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chokwera ngati katapila. Onse awiri pambuyo pake adagwirizana ndi matimu awo ndipo adavala majeziwo, zomwe zikuonetsa kulemera kwa dzanja la mwini ndalama. Koma kukana kwawo sikudapite pachabe, chifukwa kudachititsa dziko kufunsa funso limene lidali litaiwalika. Mu June 2021 Paul Pogba adachotsa botolo la Heineken patebulo pamene ankayankhula ndi atolankhani, ndipo bungwe la UEFA lidalola kuti osewera achisilamu azitha kupempha kuti mabotolo otere asaikidwe patsogolo pawo. Phunziro lake ndi lakuti chifuwa cha munthu ndi amana, ndipo chimene chalembedwapo ndi umboni umene iye akupereka kwa omuona.

Ife sitingasinthe mapangano a ku London kapena a ku Blantyre, koma pakhomo pathu tili ndi mphamvu. Mayi kapena bambo akamasankhira mwana jezi pamsika, awerenge dzina lili kutsogolo, afunse kuti kampaniyo imagulitsa chiyani. Mbale amene ali ku Joni akatumiza ndalama, banja likhale pansi ndi kudziwa kumene yapita. Masewero ambiri a ku Ulaya amagwera nthawi ya Asr ndi Maghrib. Mwana aphunzire kwa bambo ake kuti mpira ndiwo umadikira swala. Akomiti a matimu a m'midzi, akabwera munthu ndi yunifomu kapena chikho, kaya ndi wamalonda kaya ndi wandale, amufunse chimene akufuna kulandira pobweza.

Udindo waukulu uli kwa amalonda achisilamu. Timu ya achinyamata imavomera dzina la njuga chifukwa palibe wina wabwera ndi mipira ndi nsapato. Mwini golosale, mwini maboti, mwini minibasi angathe kugulira timu ya m'mudzi mwake yunifomu ndi kulembapo dzina la malonda ake a halaal, popanda kuchita manyazi. Sitingadzudzule mwana chifukwa chodya kwa mlendo pamene ife sitidamuphikire. Mmera mpoyamba: mwana amene wakula akuona kuti mpira ungayende ndi ndalama yoyera sadzavutika kukana inayo. Allah atipatse riziki la halaal ndi kuteteza ana athu.