Kuona maso a nkhono n'kudekha

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, kutanthauza kuti chobisika chimaonekera woleza mtima. Malawisaurus, chinyama chomwe chidalipo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndi umboni wake. Mafupa ake adafotokozedwa koyamba mu 1928, koma dzinali lidabwera mu 1993, akatswiri atakumbanso mosamala ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga. Ana asukulu a ku Chisenga ayenera kukaona chigoba chake m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, yomwe idatsegulidwa mu 2004, akamve mmene ntchito yodekhayi imagwiridwira. Ena angati ulendowo ngwodula ndipo mafupa sadyedwa. Ndalama n'zovutadi, koma chithunzi cha m'buku sichionetsa kutalika kwa khosi la chinyamacho, komanso Karonga ndi boma loyandikana ndi Chitipa, kumene kuli Chisenga.