Kodi Cithunzi Cinganame?

Makolo athu anali kuyesa mau a munthu ndi funso limodzi: kodi waona ndi maso, kapena wangomva? Wakumva anali kumseka kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, koma mau a wakuona analemera pabwalo. Masiku ano ana athu a ku Malindi, a kwa Mponda ndi a ku Monkey Bay ali ndi mafoni ojambula zithunzi zoyenda, ndipo ena aphunzira luso la kanema kwa aphunzitsi. Tsono tifuna kufunsana nanu, awerengi, ngati diso la kamera liri mboni yokhulupirika monga tiliyesa ife.

Wophunzira luso limeneli ayamba ndi kudabwa. Amuuza kuti m'kanema mulibe kanthu koyenda, koma zithunzi zoima, 24 pa sekondi imodzi, zotsatana msanga kotero kuti diso liziyesa zamoyo. Pambuyo pace amphunzitsa kuyesa njira zacilendo: kucedwetsa zithunzi kuti nkhwazi itsikire nsomba pang'onopang'ono, kuzifulumizitsa kuti dzuwa lituluke ndi kulowa m'kamphindi, ndi kuzibweza m'mbuyo kuti usipa utuluke m'bwato ndi kubwerera m'nyanja. Koma phunziro loposa onse ndilo kudula ndi kulumikiza, ndipo pamenepo mpamene pagona mlandu wathu.

Pafupi ndi caka ca 1920, ku Moscow, mphunzitsi wa kanema dzina lace Lev Kuleshov anayesa cinthu cimene ophunzira acibwereza kufikira lero. Monga anasimba wophunzira wace Pudovkin, anatenga cithunzi ca nkhope ya munthu wosaseka ndi wosalira, nacilumikiza poyamba ndi mbale ya msuzi, kaciwiri ndi bokosi la maliro, kacitatu ndi kamwana kosewera. Oonerera anatama munthuyo kuti pambale anaoneka wolingalira, pamaliro wacisoni, ndi pamwana wokondwa. Cikhalireco nkhope inali imodzimodzi yomweyo. Cisoni ndi cimwemwe anaziika wolumikiza uja, ndipo mitima ya oonerera inabvomera.

Tiyeni tibwere naco cinthu ici kudoko kwathu. Tiyese kuti wophunzira wajambula msodzi alikuseka m'mamawa, cifukwa mdzukulu wace wagwa m'madzi pothamangira bwato. Tsiku lina, padoko lina, wajambula ukonde wa udzudzu wodzala ndi kasawala, ana a cambo amene lamulo liletsa kuwapha. Akalumikiza ziwirizi, onse adzati: Taonani munthu wouma mtima, aononga nyanja nasekerera. Zithunzi zonse ziwiri nzoona, palibe cimodzi copeka. Koma pamodzi zacita umboni wonama. Ndipo nkhani yotere siithera pa kuseka, pakuti makomiti a m'madoko, amene anayamba ku Malombe m'caka ca 1993, alanda maukonde ndi kulipiritsa opalamula, ndipo mbiri ya munthu ikaipa pafoni ifika kutali kumene iye sangafike kukadzikanira.

Kapena wina adzati, ngati nditero, kanema yense ndi bodza, ana athu aleke. Ife sititero iai. Agogo akati, Padangokhala, ife nkuyankha kuti, Tiri tonse, tidziwa tonse kuti kalulu salankhula, ndipo palibe wonyengedwa. Koma m'nthanomo titolamo nzeru zoona. Momwemonso pamene Shemu Joyah anaturutsa The Last Fishing Boat m'caka ca 2012, nkhani ya msodzi amene nsomba zamcepera ndipo alendo odzaona nyanja asautsa mwambo wa pakhomo pace, oonerera anadziwa kuti ndi sewero, nazindikiramo moyo wa m'mbali mwa nyanja yathu. Usipa wobwerera m'madzi sunyenga munthu, pakuti matsenga ace ali poyera, ndipo ukhoza kutifunsa funso labwino, lakuti nsomba zimene tatha adzazibweza ndani. Kamera yolowa pansi pa madzi ku Cape Maclear ikhoza kuonetsa nsomba yaikazi irikusunga ana m'kamwa mwace, ndipo msodzi woona ici adzamvetsa cifukwa ca miyezi yoletsa khoka koposa ndi mau ambiri. Cosiyanitsa ndi ici: wanthano anena poyera kuti ndi nthano, koma wonama abisa msoko wace nati, Zinacitika cotere.

Tikumbukenso kuti kale kamera inali m'manja mwa eni ace okha. Kuyambira 1935 kufikira 1937 Notcutt ndi Latham, otumidwa ndi bungwe la International Missionary Council, anapanga makanema 35 ku Tanganyika, nayenda nao pagalimoto m'maiko angapo, ndi Nyasaland yemwe. M'caka ca 1948 inayamba Central African Film Unit ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, yopanga makanema ophunzitsa anthu a m'midzi. Masiku amenewo ena anasankha cimene tidzaona, ndi umo tidzaonekera. Lero kusankhako kwafika m'manja mwa ana athu, ndipo cidzakhala camanyazi ngati iwo acitira anansi ao cimene sitikadakonda kuti mlendo aticitire.

Cifukwa cace tipempha wophunzira aliyense zinthu zitatu. Coyamba, asajambule munthu wosampempha, pakuti nkhope ndi ya mwini wace, ngakhale ali mmphawi wopalasa bwato la wina. Caciwiri, ngati anena kuti ici cinacitikadi, asalumikize zinthu zimene sizinakhale pamodzi kuti zinene cimene mwini nkhope sananene. Akafuna kuyesa zacilendo ayese ndithu, koma oonerera adziwe kuti ndi kuyesa. Cacitatu, akatha nchito yace, ayambe waionetsa padoko pomwe anajambula, pamaso pa iwo ali m'menemo. Ngati acita mantha kuionetsa pamenepo, mtima wace wamuuza kale kuti walakwa.

Ndipo ife oonerera tiri ndi gawo lathu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana akatibweretsera foni nati, Taonani cimene wacita uje, tisafulumire kuweruza kapena kutumiza kwa ena. Tiyambe tafunsa: anajambula ndani, liti, ndipo kuti? Cinatsogola nciani, cinatsata nciani, ndipo anadula ciani pakati? Pabwalo la mfumu mboni imodzi siitha mlandu, ndipo woimbidwa mlandu apatsidwa nthawi ya kuyankha. Tisammane mnzathu mwai womwewo cifukwa cakuti womnenera ndi cithunzi.